Kabotolo ka Nambala 23

Pa zaka khumi ndi zinayi za upolisi, Sajeni Jennipher Chibwe anali atamvapo milandu ya mbuzi, ya njinga, ngakhale ya munthu wozula chitseko cha chimbudzi cha mnzake. Koma mlandu wa katundu wobedwa n'kubwezedwa pamalo pake anaumva koyamba Lachinayi m'mawa ku Petauke, tiyi wake asanazizire n'komwe.

Anabwera nawo anali Charity Muyunda, mayi wamtali wa ku Mongu amene boma linamutumiza kuno kudzayang'anira za umoyo m'midzi. Analowa ali wefuwefu, chikwama atachikumbatira pamimba.

"Andibela, a Sajeni!"

"Akubelani chiyani?"

"Kabotolo."

"Kali kuti tsopano?"

"Anakabweza."

Chibwe anaika kapu pansi. Abale, anthu ena! "Amai Muyunda, kunjaku kuli dzuwa. Mwayenda mtunda wautali opanda ambulela?"

Charity sanaseke. Anakoka mpando n'kuyamba kufotokoza ngati akuthamangitsidwa. Mu Juni anapereka timabotolo makumi anayi kuti tipachikidwe m'nyumba za m'mudzi wa Zembeni, kunjira ya ku Sasare. Tinali takuda, tapulasitiki, tosaposa kabotolo ka mafuta odzola. Ntchito yake inali kuyesa mpweya wotchedwa radoni.

"Umatuluka m'miyala ya pansi pa nthaka, n'kulowa m'nyumba kudzela m'ming'alu," anatero. "Suoneka, sununkha. Nyumba ikakhala yotsekeka umaunjikana, munthu n'kumaupuma chaka ndi chaka mpaka mapapo agwila khansa. Kabotolo kamakhala kuchipinda chogona miyezi itatu, kenako timakatumiza ku Lusaka kuti akawelenge. Nambala ikafika 300 timathamanga. Ka nambala 23 kabwela ndi 2,400."

"Thamangani tsono! Kwa ine mukufunako chiyani?"

"Ndinathamanga kale! Buku likuti nambala 23 inali kwa amai Rabecca Daka. Ndinasiya makina oyesela m'chipinda chawo masiku awili, apeza 40 chabe. Nyumba yawo mphepo imangodutsamo. Kabotolo kaja sikanagone kumeneko, a Sajeni. Wina anakatenga, anakasunga m'chipinda china miyezi itatu, n'kukabweza tsiku lotolela. M'chipinda chimenecho muli munthu amene akugona mpaka lelo, ndipo sadziwa kanthu." Anamenya chikwama chija. "Makinawa ndi obweleka. Abwelela ku Lusaka mailo, Lachisanu, ndi basi yam'mawa."

Apa m'pamene magazi a Chibwe anayamba kuthamanga. Wakuba woti umugwire pofuna kumupulumutsa! Zoterezi sizigwa kawiri pamoyo wa munthu. Anasiya tiyi uja, n'kutenga chipewa ndi makiyi a galimoto.

*

Msewu wa kumeneko ndi wothyola msana, koma Chibwe sanaumve. Pamlatho anaimika galimoto kuti aone bwino chithunzi cha kabotoloko chimene Charity anajambula pa foni tsiku lotolera.

"Chingwe ichi n'chanu?"

Charity anatsinzina diso limodzi. "Ayi. Ine ndinapeleka zingwe zoyela za nailoni."

"Uwu ndi ulusi wolukila majuzi. Wachikasu. Anapachika timabotolo m'nyumbamo ndani?"

"Bambo Joshua Tembo, wapampando wa komiti ya zaumoyo ya m'mudzimo. Mmisili womanga nyumba, munthu wachilungamo kwambili."

"Onse amakhala achilungamo mpaka nditafika ine," anatero Chibwe, n'kuponda moto.

Joshua anawalandira pachitsime, atavala jekete ngakhale kunali kotentha, zolembera ziwiri zili m'thumba. Anali munthu wolankhula ngati akuwerenga kalata pamsonkhano.

"Poyankha funso lanu, a Sajeni, timabotolo tonse makumi anayi ndinatipachika ndi manja anga awa. Ndipo ndinatitolela ndi manja omwewa."

"Ndi kwa amai Daka komwe?"

"Mosakayika."

"Msomali uli mbali iti ya bedi?"

"Uli... kumanja."

"Chipindacho chili ndi mazenela angati?"

Joshua anayang'ana kumwamba ngati yankho linalembedwa pamtambo. "Limodzi. Koma ngati mulola kuti ndipeleke ganizo, funsani Davies Mwanza. Amaloŵa m'maenje akale kufuna golide. Ndi munthu woti akhoza kutenga katundu wa boma n'kukamuponya kudzenje pofuna kunyoza komiti."

Chibwe analemba m'kabuku kake: kumanja, zenera limodzi. Pansi pake anajambula mzere.

*

Davies anamupeza pakhonde, mwendo uli pachitsa, ndodo zoyendera zili pambali, ndudu ili pakamwa. Charity atangoiona nduduyo anapukusa mutu.

"Dzenje?" Davies anaseka mpaka kutsokomola. "Mwendo uwu unathyoka mu Meyi ku Nyimba. Ndinagwa pa lole ya nthochi. Anandibweletsa atandinyamula ngati thumba, ndipo chisanu chonse ndachithela pakhonde pano. Kudzenje ndinapita ndi mapiko?"

Chibwe anayang'ana mwendowo. Unali wowonda kuposa unzake, ndipo udzu unali utamera pansi pa njinga yake. Ameneyu sanapite kulikonse.

"Nanga ndibelenji?" anapitiriza Davies. "Ndinali nako kanga, nambala 9. Mayi wina anabwela ndi nkhuku, tambala wamkulu, kuti ndimugulitse. Ndinakana. Ndi fodya wanga uyu, ndikanakhala chitsilu kutaya mankhwala otele."

"Mankhwala?" Charity anachita kulumpha.

"Eya. Si kamayamwa matenda a mumpweya?"

"Anakuuzani zimenezo ndani?"

"Palibe anandiuza. Mudzi wonse udziwa. Amene nyumba zawo sizinasankhidwe anali kulila."

Charity anagwira mutu ndi manja onse awiri. Misonkhano itatu anachititsa pansi pa mtengo, zithunzi anaonetsa, mawu anatha, lero anthu akuti kabotolo kamayamwa matenda! Koma Chibwe mtima unali kudumpha ndi chimwemwe. Tsopano anadziwa chimene wakubayo ankafuna.

"Mayi wa tambalayo ndani?"

Davies anatulutsa utsi pang'onopang'ono. "Za akazi a eni ine sindinena, a Sajeni. Mwendo umodzi wandikwana."

*

Amai Rabecca Daka anali kusenda nshawa pamphasa. Atamva dzina la mlendo anaombetsa manja.

"Chibwe? Mubemba! Ana inu, thawilani m'nyumba, odya anyani afika!"

"Mwaotcha mbewa zingati lelo, ambuya?" anabweza Chibwe, n'kukhala pamphasa pomwepo. Ubwino wokhala Mbemba kum'mawa kuno ndi umenewu. Anthu amakutukwana ngati msuweni wawo, ndipo pakamwa pakatseguka ndi chipongwe sipatsekekanso msanga.

Mayiwo analankhula za mtengo wa nshawa, za bondo lawo, za mbuzi za aneba. Za kabotolo anangoti, "Kanali pamsomali, mwana wanga. Sikanapite kulikonse. Kalibe miyendo."

"Tiuone msomaliwo."

Chipindacho chinali ndi mazenera awiri oyang'anizana, makatani akuuluka. Msomali unali kumanzere kwa bedi, pamwamba ndithu. Chibwe anauyang'ana, n'kulankhula ngati munthu wongocheza.

"Kutalika kwake! Bambo Tembo anachita kukwela pabedi panu kuti afike apo?"

Mbale ya nshawa inagwa pansi, mbwee!

"Joshua? Muno? Pabedi panga?" Amai Daka anagwira pachifuwa. "Mwe, mwana iwe, kwanu mulibe mwambo? Uja ndi mkamwini wanga! Anakwatila Tisunge, mwana wanga. Chikwatilileni sanapondepo ngakhale pakhomo la chipinda chino. Tikakumana panjila amapatukila kuthengo. Aloŵe muno kuti ndife?"

"Pepani, ambuya, ndife osaphunzila. Nanga anapachika ndani?"

Apa mayiwo anazindikira kuti lilime lawathamangira patsogolo. Anawerama n'kuyamba kutola nshawa imodziimodzi.

"Sindinaone," anatero. "Maso anga ndi okalamba."

*

Joshua anali atawatsatira, koma anaima patali, kuseri kwa nkhokwe, atanjuta, nkhope atailozetsa kumbali kuti asapenyane ndi apongozi ake. Chibwe anapita komweko, Charity ali pambuyo.

"Mazenela ndi awili, a wapampando. Msomali uli kumanzele."

Thukuta linatsika m'khosi mwa jekete. "A Sajeni, poyankha..."

"Siyani za poyankha! Munaloŵa kapena simunaloŵe?"

"Ndikanaloŵa bwanji? Ndi apongozi anga!" Mawu a pamsonkhano aja anathera pomwepo. "Ndinachita manyazi kuuza amai Muyunda kuti pali nyumba imodzi imene sindingathe. Ndinapatsa mkazi wanga kuti akapachike. Tsiku lotolela ndi iyenso anakatenga n'kundipatsa. Cholakwa changa ndi chimenecho basi."

"Nyumba yanu inalandila kabotolo?"

"Ayi. Nyumba tinasankha mwa maele, yathu sinagwe. Tisunge analila masiku awili kuti nditengeko kamodzi. Ndinakana. Wapampando sadzikondela."

"Analililanji?"

"Chifukwa cha mwana. Jordan wathu anabadwa mu Meyi, miyezi isanakwane. Anali kakang'ono ngati dzanja langa ili. Ku chipatala anati tisamale mapapo ake."

Chibwe anamva tsitsi likuima. Ulusi wachikasu, tambala, mayi wolira masiku awiri. Anatembenukira kwa Charity, n'kupeza kuti nayenso wazindikira.

"Tambala wanu wamkulu alipo?" Chibwe anafunsa Joshua.

"Alipo. Tsiku lina anasoŵa m'mawa n'kupezeka masana. Nanga n'chifukwa chiyani..."

"M'chipinda chogona mwanayo simunaonemo kanthu kakuda kopachika?"

"Sindiloŵamo. Mayi ndi khanda amagona paokha mpaka mwana atalimba, ndiwo mwambo. Ine ndimagona pabalaza." Joshua anaima mwadzidzidzi, n'kuiwala zoti apongozi ake akumuona. Anayang'ana Charity. "Amai Muyunda, nambala ija munati ndi zingati?"

"2,400."

Joshua anangotembenuka n'kuliyatsa liwiro, zolembera zikugwa m'thumba.

*

Chibwe anali asanathamange chotero chichokereni ku sukulu ya apolisi. Njira inakwera kaphiri, miyala ikuterera, Charity akukuwa kumbuyo kuti makina asagwe. Nyumba ya Joshua inali yokongola, palibe angatsutse. Anaimanga yekha pathanthwe, ndipo chipinda chakumbuyo anachilowetsa m'phiri, moti khoma limodzi linali mwala weniweniwo.

Charity anaizungulira kamodzi n'kubuula. Timabowo tolowetsa mphepo tinali titamatidwa ndi dothi. Zenera la chipinda chakumbuyo linali litatsekedwa ndi njerwa mpaka pamwamba.

"Ndinatseka ndine," anatero Joshua, akupuma movutika. "Chisanu cha mu Juni chikanamupha."

Anaima pakhomo la chipindacho osalowa. Chibwe anamukankhira pambali n'kutsegula.

Munali mdima ndi fungo la mafuta a mwana. Pamatiresi oyalidwa pansi panakhala mtsikana wa maso akuluakulu, singano zolukira zili m'manja, kachipewa kachikasu kali pamwendo kosatha. Pambali pake panagona khanda lokutidwa mabulangete atatu. Ndipo simenti ya pansi inali ndi mng'alu woti chala n'kulowamo, wochokera pakhoma la mwala mpaka kukalowa pansi pa matiresi.

"Nyamulani mwana, tituluke," anatero Charity.

"Kunja kuli mphepo," anayankha Tisunge.

"Nyamulani mwana, mayi!"

Charity anaika makina pafupi ndi matiresi n'kutseka chitseko. Anati adikire ola limodzi. Onse anakhala pansi pa mtengo wa masuku, ndipo amai Daka anafika akutsimphina, n'kukhala chapatali.

Chibwe anatsegula kabuku. Sanafunikire kuopseza munthu. Tisunge anayamba yekha, mutu uli m'mwamba.

"Ndinakatenga ndine. Mangani ngati mufuna. Amama anaona zaka zambili, wanga uyu sanaone ngakhale mvula imodzi. Ndinapempha bambo ake, anakana. Ndinapita kwa a Davies ndi tambala, anakana. Ndiye bambo ake atandipatsa kuti ndikapachike kwa amama, ndinakasiya kumeneko tsiku limodzi, m'mawa mwake ndinakatenga. Amama anandiona, anangotembenukila kukhoma."

"Maso anga ndi okalamba," anang'ung'udza amai Daka.

"Chingwe choyela chinapita kuti?"

"Chinali chachifupi. Ndinafuna kuti kafike pafupi ndi mphuno yake, kazikoka zoipa zisanamuloŵe. Ndinamangila ulusi wanga." Anakonza bulangete pankhope ya mwana. "Ndipo kanagwila ntchito. Onani mmene wanenepela. Chichokeleni kabotolo kaja sindigona bwino."

Chibwe, amene anazolowera kuuza anthu zowawa osaphethira, anasiya kulemba. Anamva chisoni chenicheni. Wakuba anali m'manja, mlandu unali utatha bwino lomwe, koma panalibe chokondweretsa.

Ola litakwana Charity analowa, n'kutuluka atanyamula makina m'manja onse awiri. Anawatembenuza kuti onse aone. Nambala inali 1,900, ndipo anati akanawasiya mpaka madzulo ikanakwerabe.

"Ndiye kuti zabwelelanso chifukwa munakachotsa," anatero Tisunge. "Tipatseni kena."

Charity anagwada patsogolo pake. "Amake Jordan, ndimveleni. Kabotolo kaja sikayamwa kanthu. Kamangowelenga. Kali ngati sikelo ya ku chipatala, imakuuza kulemela kwa mwana koma simudyetsa."

"Miyezi itatu yonse ija...?"

"Mpweyawo unali momwemo. Umatulukila mumng'alu uja, ndipo unalibe pothawila."

Tisunge anayang'ana nyumba, anayang'ana mwana. "Matilesi ndinawaika pamng'alu dala, kuti mphepo isaloŵele pamenepo. Mayo ine! Ndamupha mwana wanga ndi manja anga!"

"Simunamuphe!" Charity anamugwira mapewa. "Mpweya uwu umapweteka munthu ukamukhalitsa zaka. Miyezi inayi si zaka makumi awili. Sindingakulonjezeni zonse, koma tamupeza msanga. Nyumba ino sinali m'buku langa. Mukanapanda kutenga kabotolo kaja, mwanayu akanakulila m'chipinda chimenecho, ine n'kupita kwathu ku Mongu osadziwa."

Chibwe anatseka kabuku n'kukaika m'thumba. "Katundu wa boma anabwezedwa wathunthu," anatero. "Ine sindikuona mlandu pano. Bambo Tembo, ndinu mmisili kapena mumangovala jekete?"

Joshua anali atalivula kale. Charity anayamba kumulamula akuloza ndi chala. Njerwa za pazenera zichoke lero lomwe, timabowo tonse titsegulidwe, aboole tina kukhoma linalo kuti mphepo izidutsa. Mng'alu augobe n'kuumata ndi simenti, khoma la mwala alipake pulasitala. Kenako akumbe kadzenje pansi pa simenti, aikemo miyala, n'kuimika paipi yotulukira pamwamba pa denga kuti mpweya wa m'nthaka uzithawira kunja. Akatha, iye adzabwera ndi kabotolo kena kuti ayesenso.

"Mpaka tsiku limenelo mwana sagona m'menemo," anatero Charity.

"Agona kwanga," anatero amai Daka. "Mazenela awili. Mubemba uyu anawawelenga."

Hamala yoyamba inagunda, phu! Yachiwiri njerwa inagwera m'kati. Joshua ankamenya akulira, osabisa n'komwe, fumbi likumumata kumaso. Anthu a m'mudzi anayamba kukwera kaphiri kudzaona wapampando akugumula nyumba yake, ndipo Chibwe anaona Charity akuwawerenga ndi maso, akukonzekera msonkhano wachinayi.

Mphepo ya masana inatsika kuphiri n'kugwedeza masamba a masuku. Inakankha bulangete pankhope ya Jordan, mwanayo n'kuyetsemula. Dzanja la Tisunge linathamanga lokha kuti limufunditse, koma linaima panjira. Anayang'ana Charity.

"Musiyeni apume," anatero Charity.

Tisunge anachotsa bulangete loyamba, n'kulipinda. Anachotsa lachiwiri. Misozi inali kugwera pamutu pa mwana, koma anamutembenuza kuti nkhope iloze kumene mphepo inkachokera.